Tembenuzani tsamba musanagule mankhwala: adani a matimati m'madimba a ku Lundazi

Mvula ikakata mu Epulo, chimanga ndi soya zikalowa m'nyumba, anthu a ku Lundazi amatsikira kudambo. M'mphepete mwa mitsinje ya Lundazi ndi Msuzi, ndi m'timakwawa ta kwa Mwase, kwa Kapichila ndi kwa Mphamba, mipanda ya udzu ndi minga imayamba kuima, zitsime zimafukulidwanso, ndipo pofika Juni mabedi a repu, mpiru, anyezi ndi kabichi amakhala atabiriwira. Koma aliyense wogwira kheni akuuzani kuti ndalama yeniyeni ya m'dimba ili pa matimati. Kapenta, nyemba, nkhwani, nkhuku ya mlendo, zonsezi popanda matimati sizikoma, ndiye msika wake sutha. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chidangotsimikiza zomwe amayi akumudzi ankadziwa kale: munda wa kumtunda ukalephera, banja limadalira dimba.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mbewu yomweyi ndi imene ili ndi adani ambiri kuposa zonse za m'dimba. Mlimi amafesa nazale, kuwokera, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kudula timitengo tomangirira, ndipo pamene maluwa ayamba kusanduka zipatso, masamba amayamba kusintha. Apa m'pamene ambiri amakwera njinga kupita kuboma, kulowa m'sitolo ya zipangizo zaulimi, n'kungonena kuti matimati akupsa, kapena kuti akufota. Wogulitsa, yemwe sadaone ngakhale tsamba limodzi, amatsitsa botolo. Ena safika n'komwe kusitolo: amatenga mankhwala otsala a thonje omwe adapachika kudenga, n'kupopera.

Ine ndikuti apa m'pamene pamathera ndalama zambiri za alimi athu, mwina kuposa zomwe tizilombo timadya. Kuchipatala, ukapita ndi thupi lotentha, anamwino amayamba akubaya chala kuti aone ngati alidi malungo asanakupatse Coartem. Matimati nawo amafuna kupimidwa, ndipo zambiri zopimira mlimi ali nazo kale: maso, mpeni, tambula ya madzi oyera ndi khasu.

Tiyambe ndi mdani yemwe adasintha ulimi wa matimati m'dziko lonse la Zambia. Dzina lake ndi Tuta absoluta, ndipo alimi amangoti Tuta. Kwawo kwenikweni ndi ku South America. Mu 2006 adapezeka ku Spain, mu 2008 adali atawoloka nyanja kulowa kumpoto kwa Africa, mu 2014 adamveka ku Kenya ndi ku Tanzania, ndipo mu 2016 adatsimikizika kuti wafika muno mu Zambia. Chaka chomwecho boma la chigawo cha Kaduna ku Nigeria lidalengeza kuti kwagwa zadzidzidzi chifukwa cha kachilombo komweka, minda ya matimati itatheratu. Kuno kwathu 2016 chidali chaka chowawa pawiri, pakuti kumapeto kwake ntchemberezandonda zachilendo zija nazo zidalowa m'chimanga. Kafukufuku yemwe bungwe la CABI lidatulutsa mu 2019 adayerekeza kuti alimi a mu Zambia ankataya matani pafupifupi 10,700 a matimati pa nyengo imodzi chifukwa cha Tuta, zomwe ndi ndalama zokwana madola a ku America pafupifupi 8.7 miliyoni.

Tuta wamkulu ndi kagulugufe kotuwa, kosakwana n'komwe sentimita imodzi, kamene masana kamabisala kunsi kwa masamba n'kuyamba kuuluka dzuwa likamalowa. Mukagwedeza mtengo wa matimati n'kuona timagulugufe tikuuluka pang'ono n'kuteranso, dziwani kuti mwalandira alendo. Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira ofika 260. Kukamatentha, kuchokera pa dzira kufika pa kagulugufe kena koikiranso mazira pamangopita mwezi umodzi kapena kucheperapo, choncho pa chaka mibadwo imatha kufika 10 kapena 12. Wowononga ndi kambozi kake. Kakangoswa kamaboola tsamba n'kulowa pakati pa khungu la pamwamba ndi la pansi, n'kumadya mnofu wobiriwira uli mkatimo.

Thyolani tsamba lokayikitsalo muliyang'anitse kudzuwa. Ngati ndi Tuta, muona chigamba chotakata choonekera kuwala, khungu lokha litatsala, ndipo pakona pake pali timibulu takuda, zitosi za kamboziko. Ng'ambani chigambacho ndi chikhadabo. Nthawi zambiri mukapeza momwemo, kobiriwira motuwa kapena kofiirira pang'ono kumsana, kali ndi kamzere kakuda kuseri kwa mutu. Pa chipatso kamakonda kulowera pansi pa timasamba ta kuphata, n'kusiya kabowo kakang'ono kamene pambuyo pake kamawoletsa chipatso chonse. Izi n'zosiyana ndi timizere toyera, topyapyala, tokhotakhota pa tsamba: timeneto ndi ntchito ya mphutsi za kantchentche kena, ndipo kawirikawiri sitipha mbewu. N'zosiyananso ndi bowo lalikulu lozungulira pa chipatso, pomwe mumapeza mbozi yonenepa mutu uli mkati, thupi lili kunja. Imeneyo alimi a thonje amaidziwa bwino, ndi mbozi yomwe ija imaboola zibalobalo za thonje, ndipo m'dimba laling'ono kuitola ndi manja m'mamawa kumathandiza kwambiri.

Kudziwa kuti Tuta amakhala mkati mwa tsamba kukufotokozerani chifukwa chake mankhwala ambiri amangomudutsa. Cypermethrin ndi anzake amene amapha chokhacho chomwe akhudza amathera pamwamba, mbozi ili phee mkati. Amene amagwirako ndi olowerera m'tsamba, monga okhala ndi emamectin benzoate, flubendiamide kapena chlorantraniliprole. Koma Tuta amazolowera mankhwala msanga. Mlimi akakakamira mtundu umodzi nyengo yonse, mibadwo yotsatira siimvanso kanthu, ndipo iye amayamba kuwonjeza mlingo, zomwe zimangoika chiphe chambiri pa ndiwo za ana ake. Alangizi amati muzisinthasintha magulu a mankhwala, ndipo kusintha dzina la pabotolo pokha sikukwanira, chifukwa mabotolo a mayina osiyana amatha kukhala ndi mankhwala amodzimodzi. Werengani timalemba ting'onoting'ono tonena chomwe chili mkati. Kulinso misampha yokhala ndi fungo la kagulugufe kakakazi, imene imakopa timagulugufe tatimuna kugwera m'madzi a sopo kapena pa ulimbo. Phindu lake lalikulu n'kukuchenjezani msanga kuti Tuta wafika. Ndipo pali ntchito imodzi yosalira ndalama imene ambiri amainyozera: mukamaliza kuthyola, zulani mitengo yonse, muitenthe kapena kuikwirira mozama. Dimba la matimati akale losiyidwa lili chiimire ndi khola loweteramo Tuta wa mudzi wonse. Mnadzi womera m'mbali mwa mpanda, mabilinganya ndi mbatata ya kachewere nazonso zimamusunga.

Chilimwe chikafika, mu Seputembala ndi Okutobala, fumbi lili kobo, kumabwera mdani wina amene ambiri amamusokoneza ndi matenda. Masamba amayamba ndi timadontho toyera tambirimbiri, kenako amachita chikasu, n'kuuma ngati awauka, ndipo kunsonga kumaoneka ulusi wopyapyala. Tembenuzani tsamba. Kunsi kwake muona tinthu tofiira ting'onoting'ono tikuyenda; ngati maso sakuona bwino, kungunthirani tsambalo pa pepala loyera n'kupakapo chala, patsala timizere tofiira. Awa ndi akangaude ofiira, nawonso ochokera ku South America, omwe adayamba kuoneka ku Zimbabwe mu 1979 n'kufalikira kuno m'zaka zotsatira. Wowapopera Dithane wataya ndalama, pakuti Dithane ndi wa matenda a masamba. Wowapopera mankhwala a thonje amtundu wa cypermethrin ndiye amawonjeza moto, chifukwa amapha tizilombo tina tomwe timadya akangaudewo, eni ake n'kuchulukirachulukira. Ofunika apa ndi mankhwala a akangaude enieni, monga abamectin kapena sulphur, ndipo kamwa la mpope liziloza m'mwamba, kunsi kwa masamba komwe iwo amakhala. Akangaudewa amakwera pa zovala ndi pa timitengo takale, choncho yambani ntchito ku mabedi abwino, odwala mumalizire.

Chiwawu, chomwe ndi matenda enieni a masamba, chili pawiri. Choyamba chimayambira pa masamba akale a m'munsi: madontho abulauni okhala ndi mizere yozungulira yotsatizana mkati mwake, kunja kwake kuli chikasu. Chimakwera pang'onopang'ono, ndipo chimakonda mbewu yanjala kapena yolemedwa ndi zipatso. Kuchotsa masamba a m'munsi, kuphimbira nthaka ndi udzu kuti dothi lisamathovukire pa masamba, ndi kupopera mancozeb kapena mankhwala a kopa kumachichepetsa. Chachiwiri ndicho choopsa. Chimabwera kukazizira ndi chinyezi, masiku a mvula yamvumbi kapena m'mamawa wa nkhungu kudambo. Masamba amachita zigamba zazikulu zonyowa, zotuwa kenako zakuda, ndipo mukadzuka mame asanakamuke muona nkhungu yoyera kunsi kwa tsamba m'mphepete mwa chigambacho. Tsinde limada, zipatso zimachita zigamba zabulauni zolimba. Dimba lonse likhoza kutha sabata imodzi kapena ziwiri. Kachilombo kake, Phytophthora infestans, ndi komwe kadaononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845 n'kudzetsa njala imene idapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Mancozeb amangoteteza tsamba lomwe lisanagwidwe. Matenda akalowa pamafunika olowerera mkati monga okhala ndi metalaxyl, ndipo pasakhale kuzengereza. Wolima matimati a m'dzinja, amene mtengo wake umakhala wabwino chifukwa ndi ochepa, ayenera kudziwa chiwawu chimenechi asanafese n'komwe. Ndipo kaya ndi nyengo iti, kheni iziloza patsinde. Kuthirira pamwamba pa masamba madzulo kumagonetsa mbewu ili yonyowa usiku wonse, zomwe chiwawu chimafuna.

Nkhani ya kufota ndi imene ndikufuna tiikhalire pansi, chifukwa m'pamene mankhwala ambiri amatayidwa pachabe. Mtengo wa matimati wobiriwira bwino, wopanda dontho lililonse, umangozolika masana. Madzulo umadzukako, mawa lake wazolikanso, ndipo pakapita masiku ochepa wafa masamba akadali obiriwira. Mlimi amawonjeza madzi, amapopera, osaphula kanthu. Zulani mtengo umodzi wotere. Tsukani tsinde lake, mudule kachidutswa kotalika ngati chala cha pafupi ndi mizu. Tengani tambula ya galasi, muthiremo madzi oyera, muiike pamalo posagwedezeka, ndipo mugwire kachidutswako kuti nsonga yake yokha ikhudze madzi. Dikirani mphindi zingapo osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika pang'onopang'ono kuchokera pa tsindelo, amenewo ndi mabakiteriya otchedwa Ralstonia, amene atseka njira za madzi mkati mwa mbewu. Palibe botolo m'sitolo iliyonse ya ku Lundazi, ku Chipata kapena ku Lusaka lomwe lingachiritse mtengo umenewo. Chotsani wonse ndi dothi la pamizu pake, mukautenthe kutali ndi chitsime. Mabakiteriyawa amakhala m'nthaka zaka zingapo ndipo amayenda ndi madzi a m'ngalande, matope a kukhasu ndi mpeni wothenera, kotero bedi limenelo lipumule ku matimati, mubzalepo chimanga chachiwisi kapena anyezi.

Madzi a m'tambula akakhala oyera, ng'ambani tsinde m'litali. Mukapeza mizere yabulauni mkati, ndipo masamba adayamba ndi chikasu kumunsi, nthawi zina mbali imodzi yokha ya mtengo, ganizirani za fusarium, matenda ena a m'nthaka. Ngati tsinde lili loyera, yang'anani mizu. Mizu yotupatupa, yamfundomfundo, ndi ntchito ya tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe timakonda nthaka yamchenga. Olima soya ndi mtedza asasokoneze izi ndi timibulu tabwino ta pa mizu ya mbewu zawo: timene tija timathothoka mukatikanda ndi chala, pomwe apa muzu weniweniwo ndiwo watupa, ndipo matimati sakhala ndi timibulu tabwino. Mavuto atatu onsewa mankhwala ake ndi kasinthasintha wa mbewu, manyowa owola bwino ndi mtundu wa mbewu. Zilembo VF pa paketi ya Roma VF zikutanthauza kuti imapirira verticillium ndi fusarium. Tengeru 97, yomwe idatulutsidwa ku Tanzania mu 1997, imadziwika popirira tinyongolotsi ta m'mizu, ndipo Rodade imalimbako ku kufota kwa mabakiteriya.

Pano pali mfundo imene ikukhudza Lundazi mwapadera. Lino ndi dera la fodya ndi thonje. Fodya ndi matimati ndi pachibale, ndipo amadwala matenda ofanana. Malo omwe padali nazale ya fodya kudambo, ngakhale akuoneka achonde, akhoza kukhala odzaza ndi tinyongolotsi tija. Vayirasi yochititsa mawangamawanga pa masamba a fodya imagwiranso matimati, ndipo imayenda pa manja: bambo wochoka kosankha fodya kapena wongomaliza kupichira ndudu ayambe wasamba m'manja ndi sopo asanakhudze mbande. Thonje nalo limasunga ntchentche zoyera, tija timauluka mukagwedeza mtengo, ndipo izi zimafalitsa vayirasi ina imene imapinimbiritsa matimati: masamba a kunsonga amakhala ang'onoang'ono, opindikira m'mwamba, achikasu m'mphepete, maluwa n'kumayoyoka. Mtengo wogwidwa ndi vayirasi suchira. Uzuleni msanga, ndipo nkhondo yeniyeni muimenyere ku nazale, pophimba mbande ndi neti yoti ntchentchezo zisalowe.

Si vuto lililonse lili ndi kachilombo. Chipatso chikada kumatako, malo ake n'kuphwa n'kuuma, ambiri amathamangira mpope, chonsecho kumeneko n'kuperewera kwa kashiamu m'chipatso, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi kuthirira modukizadukiza: lero madzi ambiri, masiku atatu osathirira. Kung'aluka kwa zipatso nako kumachokera komweko. Masamba a m'munsi akachita chikasu chosalala m'bedi lonse, opanda madontho, mbewu ili ndi njala ya feteleza. Ndipo pali ngozi ina ya masiku ano, pomwe alimi ambiri a chimanga ndi soya akupha udzu ndi mankhwala. Mpope womwewo ukapita kudimba osatsukidwa bwino, nsonga za matimati zimapotoka kapena kuyera, ndipo mlimi amaganiza kuti kwabwera matenda achilendo. Chizindikiro chake n'chakuti mitengo yonse imadwala tsiku limodzi, motsata mizere yomwe wopopera adayenda, pomwe matenda ndi tizilombo zimayambira pamalo amodzi n'kumafalikira. Amene angathe akhale ndi mipope iwiri, wa udzu paokha.

Ambiri amafunsa za mankhwala achikuda. Nimu ndi ombwe, womwe anzathu Achitumbuka amati mtetezga, amathandizadi pa nsabwe za masamba ndi timbozi tating'ono, makamaka mukayamba msanga. Koma ombwe ndi chiphe cha nsomba, ndiye zotsukira zake zisalowe mumtsinje, ndipo chiwawu kapena kufota sizimva mankhwala amenewa.

Pali zina zomwe maso a mlimi sangathe kuzimasula yekha, ndipo apo m'pofunika mlangizi wa zaulimi wa kukampu. Popita kwa iye musatenge tsamba limodzi louma m'thumba la malaya. Zulani mtengo wonse womwe wangoyamba kudwala, ndi mizu yake ndi dothi pang'ono, muukulunge m'nyuzipepala, ndipo mukhale okonzeka kunena mtundu wa mbewu, tsiku lowokera, chomwe chidalimidwa pabedipo chaka chatha ndi mankhwala onse omwe mwapopera kale. Okhala ndi foni yojambula ajambule tsamba kuwiri konse, tsinde long'amba ndi bedi lonse. Zikamukanika mlangizi, ku Chipata kuli malo a kafukufuku a Msekera, omwe ali pansi pa bungwe la boma la ZARI. Mu 2013, Unduna wa Zaulimi mogwirizana ndi CABI udayamba kuyendetsa zipatala za mbewu pansi pa ndondomeko ya Plantwise, pomwe mlangizi wophunzitsidwa amakhala ndi tebulo pamalo osonkhana anthu, alimi n'kumabwera ndi mbewu zodwala, iye n'kuwalembera chochita. Maganizo anga ndi akuti tebulo lotere liyenera kupezeka pa msika uliwonse waukulu wa Lundazi, Lumezi ndi Chasefu nyengo yonse ya madimba, ndipo Radio Chikaya izilengeza masiku ake m'Chitumbuka ndi m'Chichewa.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi cha kumapeto kwa ulendo wa matimatiwa. Botolo lililonse lovomerezeka limanena masiku oyenera kudikira kuchokera popopera kufika pothyola. Koma mtengo ukakwera pamsika, kapena wogula akaima ndi mabokosi pa mpanda, masiku amenewa amaiwalika. Matimati opoperedwa dzulo amaunjikidwa pa mulu lero, mayi wogulitsa amawagwira tsiku lonse mwana ali kumsana, ndipo mwana wasukulu amaluma limodzi laliwisi. Mankhwala a thonje adapangidwira mbewu yosadyedwa, sayenera kufika pa ndiwo. Mankhwala ogulidwa mopungulira m'timabotolo ta zakumwa, opanda chizindikiro, ndi oopsa kuposa onse, pakuti palibe akudziwa dzina lake, mlingo wake kapena choti akauze dokotala wina akamwa mwangozi. Bungwe la ZEMA ndilo lili ndi udindo wopereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala otere, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa chiphasocho.

Kwa inu eni masitolo, pempho langa ndi lakuti mlimi akabwera chimanjamanja n'kunena kuti matimati akupsa, mufunseni mafunso, kapena mum'tume akatenge mtengo wodwalawo, ndipo pomwe palibe mankhwala muuzeni zoona. Kwa inu amayi ndi abambo a m'madimba, kawiri pa sabata lowani m'mabedi m'mamawa musanagwire kheni, muyende mzere ndi mzere, mukutembenuza masamba a kumunsi ndi a kunsonga. Mukapeza chokayikitsa, zulani mtengo umodzi, muone mizu, mung'ambe tsinde, muyese m'tambula, ndipo mukagule mankhwala pokhapokha mutadziwa dzina la chomwe mukulimbana nacho.